Ulusi wa ku Rugare

Chitini cha mabisiketi ndachipeza pansi pa bedi,
kuseri kwa nsapato zanu za kutchalitchi.
Chibadwire changa simunakhalemo bisiketi.
Muli singano zitatu, mabatani a malaya a anthu amene anatsogola kale,
ndi kansalu ka patebulo kosamaliza,
ulusi ukadali pa ngowe
ngati mwangotuluka kukatunga madzi ku mjigo.

Agogo aNachisale,
munachoka ku Bembeke muli mtsikana
kutsatira mwamuna wopukuta mabogi a sitima,
mukuti tikakhala zaka ziwiri basi.
Zaka ziwirizo zinabala ana asanu ndi mmodzi mu Rugare muno,
m'nyumba yonjenjemera sitima ya katundu ikamadutsa.
Kumudzi ankati mwatchona.
Kuno ankati ndinu obwera.
Inu munkangoti, "Tandipatsira sizasiyo."

Nthano munalibe nazo nthawi.
Munkawerenga:
ziwiri, zitatu, dumpha, kola,
milomo ikugwedera yokha,
ndipo wokuyankhulitsani pakati pa mzere
ankalandira diso lija.

Juzi yanga ya kusukulu inali ya amalume Fanuwelo.
Isanakhale yawo, inali shawelo ya khanda la ku Avondale
kumene munkachapa zovala.
Munkaimasula usiku
ine nditatambasula mikono ngati wogwidwa ndi apolisi,
ulusi wopotanapotana ukuzungulira manja anga,
tulo tikundikoka khosi.
"Ulusi sufa," munkatero, "umangosintha mwini.
Imika manjawo."

Loweruka, kombi ya ku Mbare,
chikwama cha madoili pamiyendo,
kukangana ndi kondakitala pa chenje.
Chaka chija ndalama zinasanduka masamba,
munagulitsa nsalu ya patebulo mabiliyoni m'mawa,
madzulo osakwana buledi.
Munatukwana pang'ono, chapansipansi.
M'mawa mwake zipewa za makanda munazisintha ndi mtanda wa sopo,
n'kuudula panayi ndi ulusi womwewo.
Gawo lina linadutsa pampanda
kupita kwa amake Tarisai, amene amuna awo anali gone ku Gomo.

Pansi pa mabatani pali buku,
lachikuto chakuda, lomangidwa ndi mphira wa tchubu.
Sosaite ya maliro.
Munthu akatisiya, kaya ndi pakati pa usiku,
ankagogoda pazenera lanu, osati la abusa.
Duku kumutu, buku m'khwapa,
mukudziwa kale amene ali ndi lole,
amene asunga mapoto akuluakulu,
amene aimbe foni ku Ntcheu,
ndi mlamu amene tisamupatse ndalama m'manja.

Titachokera ku Mbudzi, dothi lofiira likadali kunsapato,
amayi a sosaite analitsegula bukulo pakhonde.
Maina asanu ndi awiri.
Anthu amene anasiya kupereka kalekale,
koma pambali pa dzina lililonse
chongi, chongi, chongi,
mwezi ndi mwezi, ndi bolopeni yanu yotafunidwa kumutu.
Bambo Zuze osoka nsapato anavula chipewa.
Ankadziwa kuti anafufutidwa zaka zinayi zapitazo,
n'chifukwa chake ankakuzembani pamsewu.
Anakhala pansi pomwepo, osayankhula.

Ife tinkati ndinu aumbombo, agogo.
Tiyi wa supuni imodzi ya shuga,
kandulo wozimitsidwa tisanamalize homuweki.
Ndalama za madoili tinkati mukusungira ulendo wa ku Bembeke.
Ku Bembeke simunapitenso.

Dzulo ndinatenga ngowe ija.
Ndaonjezera mizere iwiri, yonse yokhota,
pamene pathera dzanja lanu pakuonekeratu.
Mwana wanga akuti ndimasule ndiyambirenso.
Mwina Lamlungu.
Ndikuopa kukoka,
ungamasuke kupitirira mzere wanga
n'kulowa m'mizere yanu.

Sitima siidutsanso kawirikawiri.
Ikadutsa, mabatani amalira m'chitini,
ndipo ndimapezeka ndaimika manja.